Matimati amene tinadya pa maliro a amayi

Ntchito yanga ndi yokwatitsa mbewu. Ku yunivesite ili ndi dzina lalitali la Chingerezi, koma amayi ankaitchula choncho, ndipo sankalakwitsa. Ndimatenga ufa wa duwa la mbewu ina n'kupaka pa duwa la inzake, kenako m'labotale ndimafufuza m'masamba a ana ake kuti ndione amene atengera kupirira kwa makolo. Kwa zaka zambiri ndinkasaka matimati osagwidwa chiwawu, matenda aja owaula masamba ndi kuwoletsa zipatso nthawi ya dzinja.

Kumunda wa sukulu chiwawu chinkabwera mwaulesi. Kwathu kumapiri a ku Ntchisi, cha ku Kasakula, kumene nkhungu imagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera, sichiphonya. Choncho mbewu zanga ndinakazibzala kumunsi kwa munda wa amayi, popanda mankhwala, kuti yofa ife. Zambiri zinapserera. Pa mitengo yochepa imene inatsala yobiriwira ndinamanga ulusi wofiira pa tsango lililonse, n'kuwapempha amayi kuti zipatsozo zipsere pamtengo pomwepo, wina asathyole, chifukwa mbewu yonse ya mtunduwo inali m'menemo. Njere zimene ndinasunga ku ofesi zinali za agogo a mitengo imeneyi, ndipo kubwerera kwa izo kunali kuyambiranso ntchito ya zaka zambiri.

Amayi ankandiseka kuti ndinaphunzira mpaka kutsidya kwa nyanja kuti ndidzalondere ndiwo. Koma wolondera anali iwowo. Anamanga kampanda ka bango, ankapirikitsa mbuzi ndi adzukulu omwe, ndipo ankadya nkhwani wopanda matimati, matimati akufiira kumunsi kwa nyumba yawo.

Anamwalira mwadzidzidzi m'kati mwa dzinja, zipatso zija zitangoyamba kupsa.

Pamaliro namfedwa salamula kanthu. Amakhala pamene amukhazika, zonse amayendetsa ndi ena. Ine anandikhazika pamphasa pansi pa mtengo wa mango, pakati pa amalume ndi akuluakulu a mpingo. M'mawa wa tsiku loika ndinaona amayi atatu a mpingo akutsikira kumunda ndi madengu. Anthu anali ambiri, nyemba zili pamoto, ndipo dzinja limenelo m'mudzi monse matimati anali athu okha. Ndinadziwa kumene ankapita.

Ndinayesa kukonza mawu mumtima, koma onse ankathera pamodzi: mwana wophunzira uja wadzuka pamaliro a mayi ake kukakaniza ndiwo. Nkhani yotere simafa, akanaikamba mpaka ku Mponela. Sindinawaletse. Mtima unandiwawa, ndipo ndinachita manyazi kuti ukuwawira zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Amayi atatu aja anakwera kuchokera kumunda madengu ali odzaza, zofiira ndi zosapsa zomwe. Kampanda kaja anakasiya kotsegula, ndipo mitengo yotsalayo zinamaliza ndi mbuzi, poti tsiku limenelo panalibe wozimanga. Titabwerako kumanda anandipatsa mbale yanga. Ndinadya, njere zija ndikuziona zikuyandama mu msuzi.

M'mawa mwake, anthu akutsanzika, mmodzi wa amayi atatu aja anadzagwada pambali panga. Anali mnzawo wa malemu kuyambira kuutsikana. Anandipepesa monga mwa mwambo, n'kunena kuti malemu atidyetsa komaliza ndi manja awo.

"Koma bambo, matimati otere sitinawaonepo," anatero. "Mvula yonseyi, osawola ndi limodzi lomwe. Mukafufuze kumene mayi anu anagula mbewu yake, nafenso tikagule."

Amenewo anali mawu amene ndinkadikira zaka zonsezi kuti mlimi adzandiuze. Ndinayankha kuti ndikafufuza.

Kenako anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kutulutsa ulusi wofiira uja, atauwongola bwinobwino n'kuukulunga pa kamtengo. Anati anaupeza pothyola, ndiye anaganiza kuti mwina ndi wa ntchito.