Ngaka m'thumba la feteleza

Chaka chimene ndinapita chitengwa ku Mavwere, mtedza unabereka kwambiri moti kuzizira kunatipeza tikukumbabe. Amuna anga anali ku esiteti ya fodya, ndiye pakhomo tinkangokhala awiri ndi apongozi anga aakazi, mayi wosayankhulayankhula amene ndinkamuopa kwambiri. Loweruka lililonse kunkabwera alamu anga, akulu awo a amuna anga, omwe ankasintha ndalama pa boda. Ankafika pa njinga yamoto atavala magalasi akuda, pakamwa pali "manje, manje" ngati anabadwira ku Chipata.

Loweruka lina masana ndinali ndekha kumapeto kwa munda, pafupi ndi chulu, ndikukutumula dothi ku mtedza. Ndinamva tswatswa ngati wina akugwedeza fodya wouma. Nditacheuka ndinaona chinyama chimene ndinali ndisanachionepo. Chinkayenda ndi miyendo yakumbuyo yokha, yakutsogolo itapindidwa pachifuwa ngati mayi wopita kukalandira mgonero. Thupi lonse linali mamba okhaokha, osanjikizana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Chitafika pachulu chinakanda ndi zikhadabo, n'kutulutsa lilime. Koma lilime lake! Lalitali, lowonda ngati ulusi, linkalowa m'dzenje n'kutuluka litamatirira chiswe. Chiswe china chinkachikwera kumaso, icho chongotsinzina, n'kumadya.

Ndinakuwa. Alamu anathamanga kuchokera kunyumba, apongozi akubwera pang'onopang'ono m'mbuyo. Chitangomva mapazi, chinyama chija chinalowetsa mutu pakati pa miyendo, n'kudzikulunga ndi mchira, n'kukhala ngati mpira.

"Ngaka!" anatero alamu, mpaka anavula magalasi. "Manje mlamu, umphawi watha pakhomo pano. Pali madalaivala a mathiraki amene amaisaka imeneyi usana ndi usiku."

Anayesa kuitambasula ndi mpini wa khasu, osatheka. Atalowetsa chala pakati pa mamba, inawapana mpaka anavina ndi mwendo umodzi, kenaka inatulutsa fungo loti tonse tinagwira mphuno.

"Ilibe mano imeneyo, ngakhale limodzi," anatero apongozi. "Fisi amaigubuduza mpaka kutopa, n'kuisiya. Ndi munthu yekha amene amangoinyamula."

Alamu sanamve zimenezo. Anaiponya m'thumba la feteleza, kumanga kukamwa ndi luzi, n'kukaliika m'chigafa.

"Mlamu, mulondere thumbali. Musatsegule, imalodza. Ndikukasaka netiweki kumsewu kuti ndiimbire madalaivala aja."

Ine mawu akuti musatsegule ndi amene amandiyabwa. Atangokhota kuseri kwa nyumba ndinamasula luzi lija. Ngaka inali itamasuka pang'ono. Ndinaona kamphuno konyowa ndi kadiso kamodzi kakang'ono ngati nyemba, kakundiyang'ana. Inkapuma mofulumira, mamba akukwera n'kutsika. Sindinaganize zambiri. Ndinasenza thumba, kutsika nalo kudambo kumene kuli zitsamba zothithikana, n'kuikhuthula pansi. Ndinadikira nditakhala chete. Patapita nthawi inatulutsa mphuno, kununkhiza mphepo, n'kudzuka, n'kumapita mosapupuluma, timanja tili pachifuwa, osacheuka n'komwe.

Mantha anandigwira pobwerera, thumba lili pepuu m'manja. Ndikawauza chiyani alamu? Ndikudutsa pankhokwe ndinaona mulu wa maungu a apongozi. Ndinanyamula limodzilimodzi kuyesa kulemera kwake, mpaka ndinapeza lina lakhungu lokakala, lolimba ngati mwala. Ndinalikulunga m'masangwi a mtedza, kuliponya m'thumba, n'kumanga mfundo yofanana ndi yawo.

Alamu anabwera akuimba mluzu. Anagogoda thumba ndi chala.

"Mwaona mmene yaumira? Yachita mantha. Khala phee, bwana, tikufika pompano."

Anamangirira thumba lija pa njinga yamoto mosamala ngati akunyamula wodwala, n'kuuyamba wa ku boda. Ine ndinaluma chitenje kuti phwete lisatuluke.

Anabwerera mawa lake titangoweruka ku tchalitchi, opanda magalasi, Chinyanja cha ku Chipata chitawathera. Anakhala pakhonde n'kupempha madzi.

"Amayi, dziko ili lili ndi zinthu," anayamba motero. "Ndinamutengera dalaivala uja kuseri kwa thiraki, anzanga onse atazungulira. Ndikumasula thumba, ndikukhuthula, n'kugubuduka dzungu! Dzungu lenileni, ndi kachitsa kake. Dalaivala anandifunsa ngati ndayamba kugulitsa zamasamba. Anzanga akunditchula kale kuti a Maungu."

"Kapena munasinthitsa matumba panjira," ndinatero, maso ali pansi.

"Ayi mlamu, mfundo inali yanga yomwe. Ndipo tikudutsa pa boma ndinkaimva ikupuma kumsana kwangaku. Yasandukira pa boda pomwepo. Kaya inadziwa kuti ikuwoloka."

Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Zimatero ngaka," anatero. "Mwachita mwayi kuti yasanduka dzungu. Ena imawasandukira apolisi."

Alamu anapukusa mutu n'kukagona pamphasa pansi pa mango. Ife tinapita kukasenda mtedza kuseri. Tili mkati mosenda, apongozi anati, osandiyang'ana:

"Linali la mbewu limene lija. Panali lina pambali pake, lowola mbali imodzi. Mukanatenga limenelo."

Ndinafuna kugwada kuti ndipepese, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ankaseka opanda mawu, misozi ikutsika, dzanja lili pakamwa kuti mwana wawo asamve. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kundiuza nkhani zambirimbiri kumunda, moti nthawi zina ndinkalakalaka akanakhalako chete ngati kale.

Loweruka lotsatira anandituma kuti ndiwaphikire alamu chakudya cha m'mawa. Ndinafunsa kuti ndiphike chiyani.

"Maungu alipo ambiri," anatero apongozi.

Ndinakawapatsa nditagwada mwaulemu, mbale ili yovundikira. Alamu anavundukula, kuyang'anitsitsa, n'kuikankhira kutali ndi chala chimodzi.

"Mlamu, mbatata palibe?"