Anandisenda Nkhope Ukwati Uli Mawa

Linali Lachisanu, 2 koloko masana, mwezi wa Ogasiti, pamene msuweni wanga a Misozi anandikhazika pa kampando kuseri kwa chigafa cha fodya kuti andikonze nkhope. Ola lake ndimalikumbukira chifukwa wailesi ya abambo inali itangotchula kumene nthawi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mawa lake unali ukwati wa achemwali anga a Felesita, kwathu ku Mkanda.

Ine ndi amene anandisankha kunyamula maluwa kutsogolo kwa akwati. Chifukwa chake sindichidziwa, popeza ndinali mwana wamanyazi, woti mlendo akafika ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe. Koma diresi linali litasokedwa kale pa msinkhu wanga, loyera, la riboni m'chiuno. Amayi anandiguliranso nsapato za pulasitiki pa tsiku la msika, nsapato zanga zoyamba. Madzulo aliwonse tinkaphunzira masitepe pabwalo fumbi lili koboo, ndipo ine ndinkawabwereza ndekha m'njira ya kudimba, pamene panalibe wondiona.

Vuto linali nkhope. Mwezi wa Juni ndinadwala katsabola, ndinamukanda kwambiri, ndipo anandisiyira timadontho takuda pamphumi ndi m'masaya. Kwathu panalibe amene ankatilabadira, chifukwa ana ambiri a m'mudzimo anali nato. Anationa ndi a Misozi, mwana wa amalume, amene ankagwira ntchito mu saluni ku Chipata ndipo anabwera kudzaluka tsitsi la mkwatibwi. Ankanunkhira pefyumu, zikhadabo zawo zinali zofiira, ndipo atsikana tonse tinkawalondola ngati anapiye.

"Iwe Sitela msuweni wanga, nkhope monga nkhanga!" anatero atandigwira chibwano. "Manje pa chithunzi anthu azakamba chani? Bwela nikukonze."

Anandifotokozera kuti ku Lusaka azimayi olemera amapita kwa dokotala, amawapaka mankhwala oluma, khungu lakale n'kusendeka ngati la mbatata yophika, latsopano n'kutuluka losalala. Mankhwalawo iwo analibe, koma anamva kuti mumakhala papaya ndi mandimu. "Ni vimozi chabe," anatero. Papaya ndi mandimu kwathu zinali kuseri kwa bafa.

Anatenga mpeni n'kucheka mizere pa mapapaya aawisi ali mumtengo. Utomoni woyera unadonthera m'kambale, iwo n'kufinyiramo mandimu awiri. Anatakasa ndi nthenga ya nkhuku. Poyamba ankadontheza pa kadontho kalikonse mosamala, kenako anatopa n'kungopaka masaya onse ndi mphumi. Zinali zozizira, zomata, fungo lake ngati la udzu wongodula kumene.

"Nkhala pazuba viume. Usasambe mpaka nikuuze. Vikababa ndiye kuti visebenza." Ankatanthauza kuti ndikhale padzuwa, ndipo zikawawa ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito.

Nthawi yomweyo anawaitana kunyumba kuti akamalize tsitsi la a Felesita. Anapita, ndipo anandiiwala.

Poyamba zinkangoyabwa. Kenako zinayamba kuluma ngati linthumbu, ndipo pambuyo pake nkhope yonse inatentha ngati ndaiyandikizitsa pa mbaula. Ndinakhalira manja anga kuti ndisakande. Kutsogolo kwa nyumba ndinkamva azimayi akuimba posefa thobwa m'migolo, ena akuthyola nkhuni, anyamata akuyesa zokuzira mawu zimene zinkangolira n'kuzima. Fungo la chimera ndi la matumbo a mbuzi linkandipeza pomwepo. Abambo anadutsa atanyamula mabenchi. "Sitela, wakhaliranji padzuwa?" Ndinayankha kuti palibe, nditawerama, iwo n'kupitirira. Misozi yanga ikatsika m'masaya ululu unkawonjezeka, ndiye ndinasiya kulira. Mthunzi wa chigafa utandipeza ndinanyamula kampando kaja n'kukakhalanso padzuwa, popeza ndi mmene anandiuzira.

Amayi anandipeza dzuwa litapendeka, akundifuna kuti ndikatunge madzi. Ndowa inagwa m'manja mwawo. "Mayo ine! Mwana wanga wapsa ndi chiyani?" Anandikokera pa mtsuko n'kuyamba kundithira madzi ndi chikho. Mphumi inali matuza okhaokha, maso atatupa, ndipo pa tsaya lakumanzere khungu linachoka n'kutsalira pa chala chawo. Anatulutsa kabotolo ka jivi, mankhwala a zilonda aja, n'kundipaka paliponse pamene panapsa. Nditadziyang'ana pa kagalasi ka njinga ya abambo ndinaona nkhope ya pepo, ngati wina wanditayira inki.

A Misozi anabwera akuthamanga, chipeso chili m'manja.

"Inu a Misozi," anatero amayi, "papaya timafewetsera nyama ya mbuzi yokalamba. Mwana wangayu munamuyesa ndiwo za pa ukwati?"

"Anti, nenze naibala chabe," anayankha akulira.

Amayi anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe, pakamwa unasiya kuti? Moto ukukudya, iwe uli duu?" Ndinangoyang'ana zala zakumapazi.

Chakumadzulo azimayi a komiti ya ukwati anakhala pakhonde kukambirana za ine, ine ndili pakona pomwepo. Atcheya awo, mayi wa mawu aakulu, anati mwana wotere sangatsogolere akwati, anthu akuchimuna adzaseka ndipo zithunzi zidzaonongeka. Anati diresi apatsidwe Tamala, mwana wa aneba, amene tinali ofanana msinkhu. Anamuitana n'kumuyesa, ndipo linamukwana bwinobwino. Anazungulira nalo kawiri, azimayi n'kululutira. A Felesita maso anali pansi, monga amachitira mkwatibwi. Amayi anangoti tiona mawa, n'kukalipachika diresilo pa chingwe kuchipinda kwawo. Palibe anandifunsa.

Pano ndine mayi wa mwana mmodzi. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma zina ndimaziona. Tsiku lina kusikelo mayi wina anationetsa pa foni yake chipatala cha mumzinda kumene amasenda nkhope ndi mankhwala, ndipo ena amawawotcha zipsera ndi makina a kuwala otchedwa leza. Wopakayo anavala magolovesi, maso ali pa wotchi, ndipo nthawi itakwana anapukuta yekha. Akuti ukachoka kumeneko amakuletsa dzuwa masiku angapo. Ndinaseka ndekha mwana ali kumbuyo. A Misozi sananame, kusenda nkhope kulipodi, kungoti iwo anamva theka la nkhani. Masiku ano sipafunikanso kukwera mumtengo wa papaya. Mafuta oyeretsa khungu ochokera kutsidya kwa malire ali mbwee pamsika, ndipo atsikana ang'onoang'ono amagula okha. Timadontho tanga ta katsabola tinatha tokha chaka chisanathe. Chimene chinatsala ndi chipsera cha papaya pa tsaya lakumanzere, chachikulu ngati chala chamanthu. Amuna anga amati ndi chidindo cha ku Chipata.

Loweruka lija ndinadzuka kusanayere bwino, azimayi ali kalikiliki kumoto kuseri kwa nyumba. Ndinasamba madzi ozizira kuyambira m'khosi kutsika, nkhope osaikhudza. Ndinalowa kuchipinda kwa amayi, ndinatsitsa diresi pa chingwe n'kulivala, riboni ndinamanga ndekha mokhota. Ndinavala nsapato, ndinatenga maluwa a pulasitiki pa tebulo, n'kupita kumsewu kumene kunaima lole yoti itinyamule kupita kutchalitchi. Ndinakwera popondera tayala, n'kukhala pakona.

Anandipeza dzuwa litatuluka. Atcheya anafika atagwira Tamala padzanja, anthu ali pambuyo pawo.

"Sitela, tsika. Vula diresi la eni."

Ndinagwiritsa chitsulo cha lole.

"Sinditsika. Anasokera ine."

Ambiri a iwo anali asanamvepo mawu anga. A Felesita anatuluka atavala velo, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kuseka mpaka owaperekeza anawagwira kuti asafute zopaka kumaso. "Musiyeni," anatero. "Ukwatiwu ndi wanga, mng'onoyunso ndi wanga."

Tinafika kutchalitchi fumbi lili m'tsitsi. Kwaya itayamba ndinaima kutsogolo kwa akwati ndi nkhope yanga ya pepo. Ana ankaloza, akuluakulu ankatsinana. Ndinakweza maluwa pachifuwa n'kuyenda kuchokera pakhomo mpaka kuguwa, osaphonya sitepe ngakhale imodzi.