Jeke imene inakana kulowa pansi pa ekiselo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi anga aang'ono, amene ankagulitsa nsalu ku Kamwala pafupi ndi galaja ya matayala ya ba Tembo. Nditamaliza maphunziro a umakaniko ndinakhala chaka chonse pakhomo ku Kabwata. Magalaja atatu anandibweza, ena akunena poyera kuti mkazi sangamasule manati a lole. Ba Tembo sanafunse zambiri. Anandipatsa sipanala ndi tayala, n'kuyang'ana kagwiridwe kanga, kenako anati ndibwere Lolemba.

Pagalajapo tinali ndi jeke za botolo ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono. Jeke yotere imaima chilili, ndipo ukamapopa ndi chogwirira, mutu wake umakwera n'kunyamula galimoto. Ba Tembo ankabwereza kuti malo ake ndi pansi pa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala, osati pena paliponse.

Lachisanu lina masana kunabwera foni kuti thirela, ngolo yokokedwa ndi galimoto, yaphulika tayala ku Chelstone. Ba Tembo anali otanganidwa ndi basi, ndiye kwa nthawi yoyamba ananditumiza ndekha pa galimoto ya pagalaja. Ndinanyamula jeke yaikulu poganiza kuti ndiyo yodalirika.

Ndinapeza thirela itadzaza mipando ndi tenti. Mwini wake, ba Phiri, anali atatayikidwa mkulu wawo m'mawa womwewo, ndipo katunduyo ankapita kunyumba ya maliro. Ndinatsekera matayala ndi miyala, n'kumasulako manati, n'kugwada. Jeke inakana kulowa. Tayala litaphwa, ekiselo inali itatsika, ndipo jeke inatalika ndi zala ziwiri zokha. Kukumba sikukanatheka chifukwa pansi panali phula.

"Sisi, fakani chabe pa sipuling'i," anatero ba Phiri. "Bantu bali pa zuba kuja." Ankanena za olira amene ankadikira tenti padzuwa.

Ndinkadziwa kuti sipuling'i, zitsulo zosanjikiza zimene thirela imanyamukirapo, ndi yopindika ndipo jeke sikhazikika pamenepo. Koma anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo ndinamva wina akufunsa chifukwa chake galaja yatumiza mkazi. Ndinaika jeke pamene anandiuzapo n'kuyamba kupopa. Thirela inakwera. Nditangotulutsa dzanja kuti nditenge sipanala, jeke inapendekeka n'kutumphuka, thirela n'kugwa mwamphamvu. Chimene chinaigwira thirelayo ndi tayala lophwalo, limene linali lidakali pa manati awiri amene ndinali ndisanachotse.

Ndinaimbira ba Tembo. Anayamba afunsa ngati zala zanga zonse zilipo. Kenako anandiuza kuti ndimangenso manati, nditenge thabwa lochindikala limene linali kumbuyo kwa galimoto, ndiliike kutsogolo kwa tayala lophwalo, ba Phiri akoke thirela pang'ono kuti tayala likwere pathabwapo. Tinachita zimenezo. Ekiselo inakwera, jeke inalowa bwinobwino, ndipo posakhalitsa tenti inali panjira.

Nditabwerera ndinkayembekeza kuchotsedwa ntchito. Ba Tembo anangofunsa ngati ndinkadziwa kuti ndikulakwitsa. Ndinavomera. Anati zikanakhala bwino ndikanakhala wosadziwa, chifukwa wosadziwa amaphunzitsika tsiku limodzi.

Lero ndimayendetsa gulu lathu lothandiza magalimoto ofera panjira. Ndisanachoke pagalaja ndimafunsa kuti ekiselo yatsika bwanji tayala litaphwa, ndipo ndimanyamula jeke zonse ziwiri. Ndikagwada pansi pa thirela, anthu oima kumbuyo kwanga ndimawasiya alankhule. Dzanja limene lili pansipo ndi langa.