Monita Yachilema ya Akamwini Anga

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisungira maso awiri oona bwino mpaka pa msinkhu uno, popanda magalasi. Ndimuthokozenso chifukwa cha manja awa, amene asesa m'nyumba yake Loweruka lililonse kwa zaka zambiri, ndiponso chifukwa cha kiyi wa tchalitchi amene ali pa chingwe m'khosi mwangamu pamene ndikulemba. Kiyi ameneyu anandichoka masabata atatu, ndipo chimene chinamuchotsa ndi chinthu chopangidwira masewera.

Tchalitchi chathu chili kuno ku Matope, chaching'ono, cha njerwa zowotcha, ndipo magetsi ake ndi a sola. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Zalewa amene anakhalapo ku Joni. Atabwerako anatsegula kachipinda m'mbali mwa msewu, m'mene amuna akuluakulu, ndevu pepeya, amakhala pa benchi tsiku lonse n'kumathamangitsa magalimoto a pakanema ndi kuwomberana mfuti zabodza. Amati magemu. Ine sindinalowemo. Kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Tikakumana panjira wina amapatuka, moni timapatsana titatembenukira kumbali, ndipo nkhani zolemera zimadzera kwa alongo anga, amene ndi ankhoswe a banjalo.

Lamulungu la masika chaka china anthu anabweretsa zimene nthaka ndi mtsinje zinawapatsa: chimanga, mapira, nandolo, nkhuku zomanga miyendo, nsomba zouma za mu Shire. Tili pakati pa nyimbo tinamva njinga yamoto ikulira pakhomo penipeni. Akamwini anga analowa atanyamula chikatoni chachikulu, osadzera m'mbali ngati munthu wochedwa, koma pakati, pang'onopang'ono, kuti aliyense awone. Atafika kutsogolo anapempha kuti alankhulepo.

"Abale ndi alongo, ichi musachiyese TV ya masiku onse ayi," anatero akusisita katoniyo. "Iyi ndi monita ya magemu, ya akatswiri. Chithunzi chake chimasintha ka 144 pa sekondi imodzi. Diso lanu lisanaphethire, iyo yasintha kalekale. Ndaipereka kuti mawu a nyimbo azioneka kutsogolo kuno, tisiye kulimbirana mabuku ong'ambika."

Akulu ampingo ankagwedeza mitu ngati kuti sekondi anaidulapo ndi mpeni n'kuwerenga zidutswa zake. Mkulu wina wokalamba, amene amakhala pa benchi yakutsogolo chifukwa makutu anayamba kumuvuta, anafunsa mokweza kuti, "Kodi mawu a nyimbowo akuthamangira kuti? Ife timaimba mokoka."

Anthu anaseka, koma nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Mayi wamasiye amene anali atangotula beseni la nandolo wosankha bwino, wopanda ndi kamwala komwe, anabwerera pamalo pake popanda womuyang'ana. Monitayo tsiku limenelo sinayatsidwe. Akamwini anati ikufunika chomangira pakhoma kaye.

Loweruka lotsatira ndinatsekula tchalitchi monga mwa nthawi zonse. Aphunzitsi amene amatsogolera kwaya anabwera ndi laputopu yawo, n'kupachika monitayo pafupi ndi guwa. Atangoilumikiza foni yawo inalira, ndipo anatuluka akuyankha, asanayang'ane n'komwe. Ine ndikusesa ndinakweza maso. Galasi lonse linayera mbee, mawu a nyimbo ali pakati. Koma cha kumanja kunali timadontho takuda titaunjikana, ndipo kuchokera pamwamba mpaka pansi kunatsika kamzere kobiriwira, kowonda ngati ulusi.

Mkazi aliyense wa kuno akaona timadontho totere pagalasi amadziwa kuti ndi ntchentche zachita zake. Kamzereko ndinati ndi kangaude. Ndinanyowetsa nsalu n'kupukuta, osachoka. Ndinapaka sopo, osachoka. Pamenepo ndinachita chimene ndimachita ndi mapoto anga: ndinapita kuseri kumene timaphikira pa misonkhano, n'kutapa phulusa losalala ndi chala. Ndinatikita pa timadonthopo ndi mtima wonse, poti chinthu cha m'nyumba ya Mulungu sichiyenera kuonekera kwa anthu chili ndi litsiro. Timadontho tinangokhala pomwepo tikundiyang'ana, ndipo pamene ndinatikitapo panatsala malo otuwa ngati chikhatho cha mwana. Aphunzitsi atabwerera ndinawauza zonse. Anagwira pakamwa.

M'mawa mwake mpingo wonse unaona. Mawu ankawerengeka, koma kamzere kaja kanawadula pakati. Aphunzitsi ataika chithunzi cha mtanda pamalo akuda, m'makona monse munayamba kuwala chikasu, ngati wina wabisala kumbuyo ndi tochi. Nthawi zina galasi lonse linkaphethira. Ana analeka kuimba n'kumaloza.

Titatuluka, akamwini anga anaima pansi pa mtengo wa nimu ndi akulu ampingo. Sakanatha kundilankhula ine, motero anandipatsa msana n'kukweza mawu kuti andifike.

"Chinthu chinachoka kwanga chili bwinobwino! Galasi limeneli silikhudzidwa ndi chala chomwe, ndiye wina alipake phulusa? Anthu ena azingotsuka mapoto basi, zinazi zinawapitirira."

Anthu ena amenewo ndinali ine, amene ndinamuberekera mkazi. Akulu ampingo anandiitanira m'kachipinda. Ndinavomera za phulusa, n'kunena kuti timadontho ndi mzere ndinazipeza. Anayang'anana. Mmodzi anati, "Mayi, sitikuti mukunama. Koma mpaka nkhaniyi itaoneka bwino, kiyi ayambe wasunga wina." Ndinavula chingwe m'khosi pamaso pawo. Amuna amene sadziwa ndi pomwe tsache limakhala anandilanda kiyi chifukwa cha galasi la masewera. Loweruka linafika, ndinadzuka m'mamawa mwachizolowezi, n'kukhala pakhonde manja ali lende. Pamadzi amayi anzanga ankasiya nkhani ndikafika. Wina anachita kundiuza kuti ukalamba umayamba ndi manja.

Mwana wanga anabwera sabata yachiwiri, maso ali pansi.

"Amayi, ingopepesani zithe."

"Za phulusa ndapepesa kale. Iwe tandiuza, chinthuchi chinali chabwino chili kwanu?"

"Ine za kushopu sindizidziwa, amayi."

Anayankha akukanda dothi ndi chala cha kuphazi, monga ankachitira ali mwana akaba chiponde. Sindinamukakamize. Ndinangopemphera kuti Iye amene amaona zobisika atulutse yekha.

Anatulutsa kudzera mwa munthu wa kabaza. Tsiku lina ndinakwera njinga yamoto kupita ku Zalewa kukagula mchere ndi sopo. Woyendetsayo anali bambo wa ana ake, wolongolola. Tisanafike patali anatembenuza mutu.

"Amayi, si inu apongozi awo a bwana wa magemu uja? Ndamva kuti Mzukwa analowa mpingo."

"Mzukwa uti?"

"Monita ija! Ife tinaitcha Mzukwa. Galimoto ikathamanga pamenepo imakoka chimthunzi kumbuyo, uwona magalimoto awiri, osadziwa lako ndi liti. Liwiro lonse lija amanyadira, chithunzi chake chimangopakika ngati phala. Ndiye timadontho tija, ine ndinathera zipolopolo pamenepo, kuyesa mutu wa mdani uli patali, mnzanga n'kundiwombera kumsana. Ukakhalapo ola limodzi mutu waa, chifukwa cha kuphethira. Tinkachita kukankhana kuti akhalepo ndani, mpaka tonse tinaikana."

"Nanga kamzere kobiriwira?"

"Kameneko kanabwera nthawi yotentha, mvula isanagwe. Bwanayo anapita nayo m'tauni kwa amene anamugulitsa, anakaikana. Anayesa kutsatsa pa Zalewa ponse, wogula osapezeka. Eti akuti inu munapaka phulusa? Amayi, ngakhale mutapaka phulusa la mudzi wonse, zimenezo zili m'kati mwa galasi. Timadontho timeneto n'takufa, tinafa kalekale."

Ndinamuuza kuti aime. Ndinatsika n'kuima m'mbali mwa msewu. Chinthu chimene anthu a kabaza anachikana pa masewera, chimene msika wonse unachinyoza, munthu anachiika m'katoni, kumata bwino, n'kupita nacho paguwa kuti amuimbire nthungululu. Kuyambira kale Mulungu anakana nsembe ya chiweto chakhungu, chotsimphina kapena chanthenda, ndipo anawafunsa anthu ake ngati angayerekeze kupereka chotere kwa wolamulira wa dziko. Akamwini anga sakanayerekeza kuchipereka ngakhale kwa kasitomala woledzera. Anapeza Mmodzi yekha amene sabweza katundu pakhomo.

Mtima unkati ndipite kushopu konko ndikamutulutse pamaso pa anzake. Koma mpongozi salowa m'nyumba ya mkamwini ndi mawu otentha, ndipo mwana wanga akanadya manyazi amenewo moyo wake wonse. Mchere sindinagule. Ndinati, "Bambo, tembenuzani njinga. Mundiperekeze kwa alongo anga, ndipo zimene mwandiuzazi mukanenenso kumeneko."

Alongo anga ndi munthu woweta mbuzi, wosafulumira kulankhula. Anamva zonse, n'kutumiza mawu kwa ankhoswe akuchimuna. Lachisanu masana anakhala pakhonde pawo: ankhoswe awiri, akamwini, ndi wa kabaza uja. Ine ndinakhala pamphasa kuseri kwa ngodya ya nyumba, pomwe ndinkamva koma osaonana ndi munthu. Wa kabaza anafotokoza monga anandifotokozera, ndi dzina la Mzukwa lomwe.

Akamwini anayamba kuzungulira. "Malume, timadontho towerengeka si vuto kwenikweni. Ngakhale opanga amati tingapo n'tololedwa. Komanso liwiro lake likadalipo, 144 yense."

"Opangawo analola," anatero alongo anga. "Nanga mwini masika munamufunsa ngati walola? Akamwini, ine mbuzi yanga ikachita khungu diso limodzi, ndimadya ndekha ndi ana anga. Sindiimanga chingwe chatsopano n'kupita nayo kutchalitchi n'kumati taonani liwiro lake."

Ankhoswe akuchimuna anatsokomola kuti abise kuseka.

"Koma phulusa anapakadi," akamwini anatero, mawu atayamba kuchepa.

Ndinayankhira kuseri komweko, ndikulankhula kwa alongo anga monga mwa mwambo. "Achimwene, auzeni kuti malo otuwawo ndi anga, ndipo ndinavomera tsiku lomwelo popanda wondigwira. Muwafunse ngati timadontho ndi mzere ndi zanganso. Ayankhe akudziwa kuti sitili anthu asanu okha pano."

Alongo anga anabwereza funsolo. Akamwini anati, "Zinalipo kale." Ndipo anawonjezera kuti ankayesa kuti pa mawu a nyimbo sizidzaoneka, poti anthu akumudzi sayang'anitsitsa. Ife amene timasankha timiyala mu mpunga ndi maso, eti sitiyang'anitsitsa!

Alongo anga anandifunsa chimene ndikufuna. Ndinati sindikufuna nkhuku kapena chitenje. Pamene akamwini anaimirira podzitama, akaimirire pomwepo anene zimene wanena pakhondepa.

Lamulungu anaimiriradi. Munthu amene tsiku la masika ankamveka mpaka kumsewu, tsopano ankalankhulira m'kolala ya shati. Mkulu wa pa benchi yakutsogolo uja anaika dzanja kukhutu. "Kwezani mawu, bambo! Tsiku lija tinkakumvani bwinobwino." Anabwereza mokweza kuti monitayo inali yowonongeka asanaibweretse, ndipo kuti iye anawanamizira apongozi ake. Mwana wanga ankalira mwakachetechete kumbali ya amayi. Akulu ampingo anandiitana kutsogolo, ndipo yemwe uja anandilanda kiyi anandibwezera ndi manja awiri, osandiyang'ana.

Ena ankati monitayo ikhale, poti mawu akuwerengekabe ndipo yaulere sasankha. Mayi wamasiye wa nandolo uja, amene salankhula pagulu, anati, "Ine nandolo wanga ndinasankha." Nkhani inathera pomwepo. Aphunzitsi anaitsitsa pakhoma, akamwini anaimanga pa njinga yamoto, ndipo inachoka popanda nthungululu. Pakhomapo patsala mabowo anayi amene ndimachotsamo akangaude Loweruka lililonse. Nyimbo timaimbabe za m'mabuku ong'ambika aja, mokoka, ndipo palibe amene anasochera.

Masika otsatira akamwini anabweretsa mbuzi, n'kuimanga kuseri kwa tchalitchi mapemphero asanayambe. Ine ndinafika msanga ndi kiyi wanga. Ndinaitsekula zikope zonse ziwiri, ndinaiyang'ana mano, ndinainyamula mwendo uliwonse n'kuona ziboda. Inali yamphumphu. Ndivomere pamaso pa Mulungu kuti ndinayang'ana kawiri, ndipo mtima wina unkafuna kupeza kanthu. Umenewo ndi mlandu wanga, ndikuupemphererabe.

Inu amene mwawerenga izi, Mulungu akudalitseni m'minda mwanu, m'misika ndi m'nyumba zanu. Akupatseni maso oona chilema chisanafike paguwa, ndi manja opereka chimene inu eni mukanakonda kusunga. Amene mwanamiziridwa, akutumizireni mboni, ngakhale ya pa njinga yamoto, ndipo chimene munalandidwa chibwerere m'khosi mwanu mukadali ndi moyo. Mtendere wake ukhale nanu, inu ndi ana anu ndi akamwini anu omwe. Ameni.