Layini ya Mwakatobe

Nthawi inali itangokwana 5 koloko m'mawa, ndipo Esnart Namsukwa anali akuyanika kale zofunda za amuna ake pachingwe cha pakati pa nthochi. Chidwalireni a Mackson sitiroko, zaka zinayi zapitazo, tsiku lake limayamba choncho: kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwakokera pakhonde, kenako kukathyola khofi. Anthu a ku Misuku akamadutsa m'mundamo amati, "Khofi wa a Mackson wabereka chaka chino." Esnart amangoti, "Wabereka ndithu."

Pamwamba pa zonsezi panali ntchito ina. A Mackson, amene kale ankayendetsa lole pakati pa Tunduma ndi Mbeya, anasunga layini ya foni ya ku Tanzania, ndipo ankasewera nayo lotale ya kumeneko. Netiweki yake sifika pakhomo, imagwira pamwamba pa phiri pokha, pamwala woyang'ana ku Songwe, mtsinje wa m'malire. Ndiye Lachitatu ndi Loweruka lililonse iwo ankalemba manambala ndi dzanja lamanzere, Esnart n'kumanga foni pansonga ya chitenje, n'kuyamba chikweza. Chiswahili sachidziwa, anangoloweza podina. Ndalama yoika m'foni ankapatsira a Dorothy, anansi awo ogulitsa nthochi kumsika wa kutsidya kwa mtsinje.

"Amake Flora, tikapata ndidzakugulira mawondo atsopano," ankatero a Mackson.

"Mudzagule awiri. Limodzi ndidzatsimphina."

Esnart sanakanepo kukwera phirilo, chifukwa masiku awiri amenewo okha ndi amene a Mackson ankapempha kumetedwa ndevu n'kukhala tsonga ngati munthu woyembekeza alendo.

Loweruka lina anatsika ndi uthenga wautali. A Mackson atauwerenga anaseka mpaka kutsamwa. Anali atapata. Sinali mphoto yaikulu ija, koma inali yokwanira kuwapititsa ku Mzuzu, kumene dokotala ananena kuti mwendo wawo ukhoza kudzuka atawaphunzitsanso kuyenda. Amuna anayi a kutchalitchi anawanyamulira pampando mpaka pamwala paja kuti aimbe okha foni kukampani ya lotaleyo. Esnart ankatsatira m'mbuyo ndi madzi ndi bulangeti.

Mawu sanamve, anangoona nkhope ya amuna ake ikugwa. Mtsikana wa kukampaniyo anati mphoto yotere amapereka kwa mwini layini, pamaso, ali ndi chiphaso cha dziko lawo, pasanathe masiku makumi atatu. Layiniyo a Mackson anaigula kwa wothandizira lole wina dzina lake Mwakatobe, ndipo inali m'dzina lakelo. Kumudzi kwawo sankakudziwa. Chimene ankakumbukira n'choti anali ndi chipsera pachibwano.

Esnart anasiya khofi akupsa mumtengo n'kukwera galimoto ya ku Boma. Kalaliki wina anamumvetsera bwinobwino, foni n'kuitembenuza kawiri.

"Mayi, malamulo athu amathera pa Songwe. Bambo akanasewera ya kuno, tikanakulozerani kokadandaula."

"Nanga ine amene ndinkadina?"

"Inu simukuoneka paliponse, mayi."

Anabwerera madzulo, napeza zofunda zonyowa, khofi wina atayoyoka pansi. Anachapa, natola.

M'mawa uno kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi. Atamaliza kuyanika anamva a Mackson akuitana. M'dzanja lawo munali kapepala ka manambala atsopano.

"Lero Lachitatu, amake Flora."

"Tikapatanso adzapatsa yani?"

A Mackson anayang'ana kumbali. Ndevu anali asanamete chitsikireni kuphiri kuja, ndipo lero ndi pamene lezala anali pampando. Esnart analandira kapepalako.

Asanakwere anadzera kwa a Dorothy, amene ankamanga mikoko ya nthochi ya kumsika.

"Mwaghona, amake Flora. Miyendoyo sinakuimbeni mlandu?"

"Yatopa n'kudandaula komwe." Esnart anakhala pamwala n'kumasula nsonga ya chitenje kuti awapatse ndalama yoika m'foni. "Asisi, kutsidyako mukafunseko munthu wina, Mwakatobe. Ankathandizira malole. Ali ndi chipsera apa."

"A Mwakatobe kumeneko ndi mbumba yonse, mukudziwa?"

"Ndikudziwa. Mukafunse choncho, kwa a malole ndi kwa ogulitsa mayunitsi. Mukamupeza mukamuuze kuti atenge theka, sitikangana naye. Ndipo Flora wapita kusukulu, ndiye musananyamuke, kawasunthireniko bambowo pamthunzi. Dzuwa likakwera ine ndikhala ndili kuphiri."