Chitenje pa Laputopu ya Sailas

"Ba Sailas, yaima futi! Nikuona chabe dzanja la abusa, silikuyenda!"

Anali Everlyn pa foni, akulira ali ku Leeds, kutsidya kwa nyanja. Bambo ake ankaikidwa m'manda ku Kabwe, ndipo iye, poti kuntchito anamukaniza ulendo, maso ake onse anali kamera ya Sailas.

Sailas ndi wa ku komboni ya Natuseko ku Kabwe komweko, mwana wa Mnsenga wa ku Petauke amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji. Anayamba ndi kujambula maukwati, koma ana a mpingo wa Reformed atamwazikana m'maiko, maliro ndiwo anayamba kumudyetsa. Amagwira ntchito ziwiri pakamodzi: kuulutsa mwambo pa intaneti kuti akutali aone, ndi kusungira anamfedwa vidiyo yowala bwino. Laputopu yake yakale imasenza zonsezi ngati njinga ya makala pachitunda.

Anasiya kamera itaima pamiyendo yake itatu, nathamangira pamthunzi pomwe panali laputopu. Mawu ofiira ankati enikoda, yomwe imafinya zithunzi zisanatumizidwe, yalemedwa. Anachepetsa kukula kwa chithunzi. Anatseka mapulogalamu ena onse. Sizinathandize. Atagwira m'mbali anachotsa dzanja msanga: inali kuotcha ngati simbi. Munthu wina anali ataiyalira chitenje pansi, n'kuikulunga bwinobwino kumbuyo, potulukira mpweya pomwe.

"Ndine nachita, mwana wanga," ananong'ona amayi Exildah a chigwirizano. "Fumbi ya muno ni poizoni. Ingakuphereni makina."

Angawakalipire bwanji mayi wamkulu pamanda? "Zikomo, amama," anatero, akuvundukula.

Koma simbi siizizira pomwepo, ndipo adzukulu anali atagwira kale zingwe za bokosi. Laputopu inali ndi mphamvu ya ntchito imodzi yokha. Kuulutsako kunali kwa banja lokha, kosasunga kanthu. Akasiya kujambula, zatha. Anakumbukira amake Everlyn m'mawa uja, atamugwira mkono: "Munisungire bwino, baba. Lelo maso yanga siyazaona kanthu. Nizaona pambuyo."

"Ba Sailas, napapata!" Everlyn anachonderera pa foni.

Anadina. Kujambula kunaima, dzanja la abusa linayenda.

"Naona," anatero Everlyn. Kenako, motsitsa, "Atate."

Sailas anaima pomwepo, foni ili kukhutu, mpaka dothi litadzaza m'dzenje.

Vidiyo ya mayi wamasiye ili ndi nyimbo, ulaliki ndi nkhata zamaluwa. Kutsika kwa bokosi mulibe. Powatsanzika, mayiwo anamufunsa ngati zonse zalowa. Iye anati abwera kudzawaona.

Pobwerera anapatukira kumsika wa Makandanyama. Kwa wosula mbaula anasankha kawaya kootchera chimanga, nayika laputopu pamwamba pake kuyesa ngati mpweya ukudutsa pansi.

"Mufuna kuotcha kompyuta, bosi?" wosulayo anaseka.

Sailas sanaseke. Anakapanira kawayako kukhwapa, nalunjika ku Natuseko.