Tinawavalira Zoyera Ali Moyo

Pa zaka zimene ndagwira unamwino ndaphunzira kuti nkhalamba simangofa ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Pali zina zimene makina sayeza: kudya wekha, kuyenda mokoka mapazi, dzanja lofooka popereka moni. Zonsezi ndinaziona mwa bambo wina wachikulire wa ku China amene tinayandikana nyumba ku Finglas, dera la mumzinda wa kunja kuno kumene ndimagwira ntchito.

Inali nthawi ija chuma chinagwa, mashopu akungotsekedwa. Kalesitilanti kawo kanatsekedwanso, mwana wawo mmodzi yekhayo anapita ku Australia kukasaka ntchito, ndipo mayi a kunyumba anali atamwalira chaka chapitacho. Ine moni wongokweza dzanja sindiutha, ndiye m'mawa uliwonse ndinkawagwira chanza pampanda. Kale ankafinya mpaka mphete kundiluma. Pofika Novembala dzanja lija linkangogona m'manja mwanga. Lamba anamuboola bowo lina. Basi yopita m'tauni kukagula masamba a kwawo anasiya kukwera. Adokotala ankati mtima uli bwino, mankhwala akumwa, koma ine ndinali ndi mantha kuti chisanu chimenecho sachiwoloka.

Kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Ndinauza amayi anzanga a kumpingo, ndipo Lachinayi lina titatha mapemphero tinapita kukawazonda, anthu asanu ndi atatu. Tinapita mmene tinavalira: bulauzi yoyera, duku loyera. Mtsogoleri wathu, mayi wa ku Zambia wogwira ntchito pabwalo la ndege, anagula maluwa, oyeranso. Tinalowa mwakachetechete, n'kukhala pansi pakapeti mwaulemu, ndipo tinayamba nyimbo chapansipansi.

Bambo aja anali pampando, bulangete m'miyendo. Anayang'ana maluwa, anayang'ana maduku, nkhope n'kusintha. Munthu amene ankavutika kuimirira anadzuka kamodzin'kamodzi, n'kumenya tebulo.

"Sindinafe!" anakuwa m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Wakuuzani ndani kuti ndafa? Tulukani!"

Tinatuluka mopanikizana pakhomo, nsapato zili m'manja. Panja mayi wa ku Zambia uja anandikoka bulauzi.

"Imwe sister, simunakambe ati ni odwala maningi? Aba ba daddy bali na power kuchila ise tonse!"

Mawa lake kuntchito ndinafotokozera namwino mnzanga wa ku China. Anaseka mpaka kugwira khoma. Anati kwawo zoyera n'zovala za pamaliro, ndipo maluwa oyera amapita kumanda. Tinali titawachitira maliro iwo akuona. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndinadyetsa mpingo wonse. Manyazi anandigwira, komanso ndinaopa kuti kamphamvu kamene kanawatsalira tawamalizira ndife.

Nditaweruka ndinakagogoda kuti ndipepese. Fungo la adyo ndi jinja linandichingamira pakhomo. Chiwaya chachikulu cha kulesitilanti, chimene chinakhala miyezi chitapachikidwa, chinali pamoto. Sanandilole kutsiriza kupepesa. Anandiloza ndi chipande.

"Thursday, two o'clock. Nonse eight. Zoyera ayi. Mudzaone ngati wakufa amaphika."

Tinabwera titavala zitenje zowala, zofiira kwambiri, poti mnzanga uja anandinong'oneza kuti umenewo ndiye mtundu wa mwayi. Tinapeza kuti anakwera basi okha kukagula zinthu m'tauni, chifukwa anthu asanu ndi atatu sungawadyetse za m'firiji yopanda kanthu. Wophika amalawa, ndipo wolawa amakumbuka njala: anakhala nafe patebulo n'kumaliza mbale yonse. Anatikalipira kagwiridwe ka timitengo todyera, ife tikugwetsa mpunga pamiyendo. Mayi wa ku Zambia anapempha supuni, anamukaniza.

Lachinayi linasanduka lawo. Ankayamba kulikonzekera Lachiwiri, kudandaula kuti timadya ngati dzombe, koma tikachedwa pang'ono tinkawapeza pawindo. Mwana wawo akaimba foni, ankamuuza kuti aimbenso nthawi ina, ali ndi alendo.

M'mawa wina m'Malichi, chisanu chitayamba kutha, ndinawapeza pampanda paja akupalira kadimba ka anyezi. Ndinatambasula dzanja monga mwa masiku onse. Anafinya mpaka mphete inandiluma, ndinachita kukuwa kuti mayo! Iwo anangoseka, osasiya msanga.

Ndinalowa m'nyumba, n'kukhala pamasitepe nditagwira chala chopwetekacho. Misozi inangotsika yokha, mtima uli m'malo koyamba chiyambire Novembala.